MAKALA A M'MUNDA: NJIRA YOMANGIRA POIZONI WA M'NTHAKA

Anzanga, pa tchuthi cha Khirisimasi nditafika kwathu ndinapeza amayi ali pa mkangano ndi bambo wina amene amakonza mabatire a galimoto kuseri kwa msika. Masiku ano mabatire otere achuluka kumidzi chifukwa aliyense amene wagula sola amafunanso batire. Bamboyu akamatsegula mabatire akufa, madzi ake amangotaya pansi, ndipo zidutswa za m'katimo amaziunjika kuseri kwa kashedi kake. Mvula ikagwa, madzi ochokera pamenepo amatsetsereka ndi kulowa m'dimba la amayi lomwe lili kumunsi, m'mbali mwa dambo.

"Bambo, taonani udzu wapsa ponse pamene padutsa madzi anuwa. Nanga ndiwo zanga zikhala bwanji?" anatero amayi.

"Mayi, musadandaule. Madzi a batire ndi madzi basi, dzuwa likaomba amauma," anayankha bamboyo.

Kenaka amayi anacheukira kwa ine nati, "Iwe ndiye uli pasukulu. Tatiuza, ndiwozi tidye kapena tisadye?" Ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa yankho ndinalibe. Pomwepo mlongo wanga wa zaka zitatu anali khale pamzere wa mpiru, akuumba tinyumba ta dothi ndi kumayamwa zala. Titatsegulira sukulu ndinapita ndi funsoli kwa aphunzitsi athu a zaulimi, ndipo zimene ndinaphunzira kwa iwo ndi m'mabuku amene anandibwereka ndizo ndafuna kugawana nanu pano.

KODI ZITSULO ZA POIZONI N'CHIYANI?

M'nthaka iliyonse muli tizitsulo tosaoneka ndi maso. Tina monga ayironi, zinki ndi mkuwa mbewu zimatifuna, koma pang'ono chabe. Tina tilibe ntchito iliyonse m'thupi la munthu, ntchito yake n'kuononga basi. Odziwika kwambiri mwa iti ndi mtovu, kadimiyamu, mekyule ndi aseniki. Akatswiri amatitcha zitsulo zolemera.

Kuipa kwake kwagona pakuti chitsulo sichiola. Ndowe zimaola, masamba amaola, ngakhale mankhwala ambiri ophera tizilombo amatha mphamvu pakapita nthawi. Koma mtovu ukalowa m'nthaka umakhala momwemo zaka mazanamazana. Madzi a batire aja amaumadi monga ananenera bambo uja, koma mtovu umene unali m'madzimo umatsala pamwamba pa dothi.

Mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula, motero mwanayo amavutika kugwira zinthu m'kalasi. Umachepetsanso magazi, umaononga impso, ndipo ukachuluka kwambiri mwana amakomoka ngakhale kumwalira kumene. Mayi woyembekezera amaupatsira kwa mwana ali m'mimba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Kadimiyamu amaononga impso ndi kufewetsa mafupa.

Zitsulozi zimafika m'minda kuchokera ku migodi ndi malo osungunulira miyala, ku madzi oipa a m'mafakitale, ku mabatire, ku penti wakale, ndi ku malo otayira zinyalala. Kale petulo ankathiridwa mtovu, ndipo utsi wa magalimoto unkausiya m'mbali mwa misewu. Maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara analeka petulo wotere pofika chaka cha 2006, ndipo dziko la Algeria ndilo linamaliza padziko lonse mu 2021, koma umene unagwa kale m'nthaka ulipobe.

CHAONA MNZAKO CHAPITA

Mwina wina anganene kuti izi ndi nkhani za m'mabuku. Tiyeni tione kwa anansi athu ku Zambia. Mu 1902 miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalo amene azungu anawatcha Broken Hill, omwe lero ndi mzinda wa Kabwe. Mgodi ndi ng'anjo zosungunulira mtovu zinagwira ntchito zaka pafupifupi 90 kufikira pamene mgodiwo unatsekedwa mu 1994. Unatsekedwa, koma milu ya zotsalira inakhalabe pomwepo, ndipo mphepo imaulutsa fumbi lake kupita m'makomboni oyandikana nawo monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Akatswiri a ku University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan atapima magazi a ana a m'makomboniwa, anapeza kuti ambiri ali ndi mtovu wochuluka zedi, ena pa mlingo wofunika chithandizo cha kuchipatala mwamsanga.

Ku Nigeria, m'dera la Zamfara, mu 2010 ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo awo ankapera miyala ya golide pakhomo, osadziwa kuti m'miyalamo munali mtovu wambiri. Ku Japan, m'chigawo cha Toyama, madzi a mtsinje wa Jinzu anatenga kadimiyamu kuchokera ku mgodi wa Kamioka n'kukamusiya m'minda ya mpunga. Anthu amene anadya mpungawo zaka zambiri, makamaka amayi achikulire, mafupa awo ankathyoka okha. Matendawa anatchedwa itai-itai kuchokera ku kulira kwa odwalawo, ndipo boma la Japan linavomereza gwero lake mu 1968. Kuti minda ija ikhalenso yabwino, anachita kusintha dothi lenilenilo, ntchito imene inayamba mu 1979 n'kutha mu 2012.

Dziko lolemera ngati Japan linatha zaka zoposa 30 likusintha dothi. Nanga amayi anga, amene chuma chawo ndi khasu ndi kheni yothirira, angatani? Apa ndi pamene makala a m'munda akubwerera.

MAKALA A M'MUNDA

Makala amenewa pa Chingerezi amati biochar. Amapangidwa potentha zotsalira za mbewu pamoto waukali, wa madigiri a pakati pa 300 ndi 700, pamalo pamene mpweya wa okosijeni ukulowa pang'ono kwambiri. Mpweya ukachuluka zonse zimanyeka n'kusanduka phulusa, monga zimachitikira tikatentha mapesi m'munda. Ukachepa, madzi ndi utsi zimatuluka koma kaboni amatsala. Kusiyana kwake ndi makala a pambaula n'kwakuti awa sitiphikira, timawakwirira m'nthaka.

Nzeruyi si yatsopano. M'nkhalango ya Amazon ku Brazil muli malo a dothi lakuda bii lotchedwa terra preta, limene anthu akale a kumeneko analipanga pokwirira makala, mafupa, mapale ndi zinyalala za pakhomo azungu asanafike. Dothi la m'mbali mwake ndi losabereka, koma lakudali ndi lachonde mpaka lero. Katswiri wa nthaka wa ku Netherlands, Wim Sombroek, analemba za dothili mu 1966, ndipo pambuyo pake asayansi ambiri anayamba kufufuza ntchito ya makala m'nthaka.

MMENE MAKALA AMAMANGIRA CHITSULO

Gawo ili ndilo phata la phunziro lathu, choncho tiyende pang'onopang'ono. Muzu ulibe mano. Umangomwa zimene zasungunuka m'madzi a m'nthaka. Chitsulo chikakhala chouma gwa, kapena chitakakamira pa chinthu china, muzu umavutika kuchitenga. Ndiye kuti funso lalikulu kwa mlimi sikungoti, "Kodi m'dothi langa muli mtovu wochuluka bwanji?" komanso, "Kodi mwa mtovuwo, wosungunuka ndi wochuluka bwanji?" Makala amachepetsa wosungunukawo m'njira zinayi.

Njira yoyamba ndi kuchepetsa asidi. Mtovu ndi kadimiyamu zimasungunuka kwambiri m'dothi la asidi, limene pH yake ili pansi. Makala ambiri ali ndi phulusa pang'ono lokhala ndi kashiamu, potaziyamu ndi maginiziyamu, motero amakweza pH monga amachitira laimu. Amayi athu amadziwa kale mphamvu ya phulusa, popeza ndi m'mene amatcheza chidulo. Asidi akachepa, zitsulo zambiri zimaleka kusungunuka.

Njira yachiwiri ndi timabowo. Khala ukaliika pa maikulosikopu limaoneka ngati chisa cha njuchi, chifukwa timitsempha tonse timene munkadutsa madzi m'mbewu timatsala totseguka. Ukanati uyale makoma a timabowo tonse ta mu galamu imodzi ya makala abwino, akanaphimba malo aakulu kuposa chipinda chathu chophunzirira. Madzi akamalowa m'timabowomo, tizitsulo timakakamira m'makoma ake.

Njira yachitatu ndi mphamvu yokoka. Tinaphunzira mu sayansi kuti mtovu ndi kadimiyamu zikasungunuka zimakhala ndi chaji ya pozitivu. Khungu la khala lili ndi malo ambiri a chaji ya negetivu, makamaka likakhalitsa m'nthaka. Zosiyana chaji zimakokana, choncho chitsulo chimagwidwa pa khala m'malo mopita ku muzu.

Njira yachinayi ndi kusandutsa chitsulo kukhala mwala. M'makala muli fosifeti ndi kaboneti. Mtovu ukakumana ndi fosifeti zimapanga timiyala tosasungunuka m'madzi. N'chifukwa chake makala opangidwa kuchokera ku ndowe zouma kapena mafupa, omwe ali ndi fosifeti wambiri, amagwira mtovu mwamphamvu kuposa makala a mitengo.

Zina mwa izi mukhoza kudzionera nokha mu labu. Sinjani makala, muwathire m'kapu ya madzi, mutakase, kenaka muviike pepala la litimasi lofiira. Lisanduka la buluu, kusonyeza kuti makalawo ndi otsutsana ndi asidi. Tengani madzi ena mudontheze inki pang'ono, muthiremo ufa wa makala, mukhutchumule bwino, mudikire, ndipo musefe. Muona kuti mtundu wa inki wachepa chifukwa wina watsalira pa makala. Inki si mtovu ai, koma kukakamira kwake n'kofanana.

KAPANGIDWE KAKE

Tisanapite patali ndichenjeze: pasapezeke wodula mtengo ponamizira phunziro lino. Nkhalango zathu zatha kale ndi makala, ndiponso lamulo la nkhalango limaletsa kuotcha makala ogulitsa popanda chilolezo. Zipangizo zathu ndi zitsononkho, mapesi, makoko a mtedza, mitengo ya nandolo yotsala tikakolola, ndi nsungwi zouma. Zonse zikhale zouma bwino.

Njira yosavuta ndi ya dzenje. Inatchuka kuyambira mu 2014 pamene Hans-Peter Schmidt ndi Paul Taylor anafalitsa ng'anjo yotchedwa Kon-Tiki, ndipo alimi anaona kuti dzenje lokumbidwa mofanana ndi ng'anjoyo limagwiranso ntchito.

1. Kumbani dzenje lotakata kukamwa, lopanikizika pansi, ngati mtondo waukulu. Kukamwa kukhale mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kuya kupitirire theka la mita. Likhale kutali ndi nyumba ndi udzu wouma.

2. Kolezani kamoto pansi pa dzenjelo ndi tinkhuni tating'ono mpaka kayake bwino.

3. Yalani zitsononkho pang'ono pamwamba pa motowo. Musathire zambiri nthawi imodzi, chifukwa moto ungatsamwe ndi kuyamba kufuka.

4. Mukaona phulusa loyera layamba kuoneka pamwamba, onjezani zina. Malawi a moto amene ali pamwamba ndiwo amadya mpweya wonse, choncho za pansi zimasanduka makala osanyeka. Utsi ukachuluka dziwani kuti mwathira zambiri kapena zipangizo zanu n'zanyontho.

5. Dzenje likadzaza ndipo malawi achepa, thirani madzi ambiri mpaka nthunzi ileke. Ngati madzi ndi osowa, kwirirani ndi dothi lochindikala ndipo mudikire kufikira mawa.

Pa kalabu yathu ya zaulimi, ulendo woyamba tinalephera, ndipo wolakwa ndinali ine. Dzenje litadzaza belu la chakudya linalira. Ndinauza anzanga kuti tikadye kaye, tidzazimitsa pobwera. Pobwerapo tinapeza phulusa lokhalokha, ngolo yathunthu ya zitsononkho itapita. Mpaka lero ena amanditcha Bambo Phulusa. Phunziro lake n'lakuti moto uwu sausiya wokha, ndipo madzi ozimitsira azikhala pafupi musanayatse machesi.

Makala opsa bwino amakhala opepuka, akuda mpaka m'kati, amalira ngati magalasi ukawagwedeza, sanunkha utsi, ndipo kuda kwake kumachoka m'manja ndi madzi okha popanda sopo. Pa kulemera, mumapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a zimene munatentha.

KATHIRIDWE KAKE

Sinjani makalawo adakali onyowa kuti fumbi lisakuloweni m'chifuwa, mpaka akhale ngati mphale kapena kucheperapo. Musawathire m'munda ali okha, chifukwa khala latsopano lili ndi njala: limayamba lamwa chakudya cha m'nthaka, mbewu n'kuchita chikasu. Asakanizeni ndi manyowa, muyeso umodzi wa makala pa muyeso umodzi wa manyowa, muziwaza madzi, ndipo papite masabata awiri kapena anayi.

Nanga tithire ochuluka bwanji? Pofufuza za zitsulo, akatswiri kawirikawiri amathira makala olemera magawo 1 mpaka 5 pa magawo 100 alionse a dothi. Tiyeni tichite masamu. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, tikalima kuya masentimita 20, lili ndi dothi lokwana makyubiki mita awiri. Kyubiki mita imodzi ya dothi imalemera pafupifupi makilogalamu 1,300, ndiye kuti bedi lonse ndi makilogalamu 2,600. Magawo awiri pa 100 alionse a 2,600 ndi makilogalamu 52. Pa hekitala yathunthu muyeso womwewu ukanafuna matani 52, omwe mlimi wamba sangawapeze. Choncho nzeru ndi kuyamba ndi mabedi ochepa, kapena kuthira m'maenje obzalira okha, n'kumaonjezera chaka ndi chaka. Makala saola msanga, choncho a chaka chino akhalapobe chaka chamawa.

Phindu lina n'lakuti makala amasunga chinyontho ndi chakudya cha mbewu, makamaka m'dothi la mchenga ndi la asidi. Ku Zambia komweko, akatswiri a ku Norway mogwirizana ndi Conservation Farming Unit anayesa makala a zitsononkho m'maenje obzalira chimanga, ndipo pa zotsatira zimene anafalitsa mu 2013, zokolola zinakwera kwambiri m'dothi la mchenga la ku Kaoma, pamene m'malo ena a dothi labwinopo kusintha kunali kochepa.

ZIMENE MAKALA SANGACHITE

Apa ndipemphe kuti mutchere khutu, chifukwa mankhwala osadziwa malire ake amapha.

Choyamba, makala sachotsa chitsulo m'nthaka. Amangochimanga, monga galu wolusa amene wamangidwa pa tcheni: alipobe, ndipo tcheni chikhoza kuduka. Dothi likabwereranso ku asidi, monga zimachitikira tikamathira feteleza wa yureya kapena safeti chaka ndi chaka popanda manyowa kapena laimu, zitsulo zina zimamasukanso.

Chachiwiri, aseniki sayenda ngati anzake. Iye akasungunuka sakhala ndi chaji ya pozitivu, ndipo pH ikakwera amatha kumasuka kwambiri. Pamalo pamene vuto ndi aseniki, makala wamba akhoza kuonjezera vutolo. N'chifukwa chake kupimitsa dothi n'kofunika. Malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe ali ndi malabotale a nthaka, ndipo alangizi a zaulimi angathe kukulozerani koyenera kupita. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, makala amakhala oyera ngati zipangizo zake zinali zoyera. Musatenthe matabwa opaka penti, mapolo onyikidwa m'mankhwala oletsa chiswe, mapulasitiki, kapena mapesi ochokera m'munda woipitsidwa womwewo. Moto suononga chitsulo, umangochiunjika m'makala ochepa.

Chachinayi, ndipo ichi n'chachikulu, ana ambiri mtovu umawalowa kudzera m'fumbi ndi dothi lopita kukamwa, osati m'ndiwo zokha. Ndi mmene zilili ku Kabwe. Makala okwiriridwa m'bedi sangateteze mwana amene akudya dothi la pabwalo. Pamalo poipitsidwa kwambiri, dothi lapamwamba liyenera kupalidwa n'kuikapo lina, monga anachitira ku Zamfara, ndipo mwana amene mukumukayikira apite naye kuchipatala.

Chachisanu, mbewu zimasiyana. Ndiwo zamasamba monga mpiru, repu ndi bonongwe zimatenga kadimiyamu mosavuta, ndiponso fumbi la mtovu limakakamira pa masamba ake. Mbatata ndi karoti zimakhala m'dothi lenilenilo. Mbewu zimene timadya zipatso kapena njere zake, monga matimati, nyemba ndi chimanga, kawirikawiri zimakhala ndi mtovu wochepa.

ZIMENE TINACHITA KWATHU

Pa tchuthi chachikulu ndinabwerera kwathu ndili ndi yankho. Ndinakhala pansi ndi amayi ndi kuwafotokozera zonse. Tinayambira ku gwero, popeza n'kupanda nzeru kukolopa m'nyumba mpopi uli chitsegulire. Tinapita kwa a mfumu pamodzi ndi bambo wa mabatire uja. Poyamba anakwiya poganiza kuti tikufuna kumuphera bizinesi, koma atamva kuti amene ali pangozi yaikulu ndi iye mwini ndi ana ake, omwe amamulandira madzulo zovala zili mbuu ndi fumbi, anafatsa. Anavomera kusunga madzi a batire m'zigubu zotseka ndi kuika zidutswa zija m'matumba pansi pa denga.

Kenaka ine ndi achimwene tinakumba ngalande yopatutsa madzi a mvula kuti asalowenso m'dimba. Mizere iwiri imene madzi aja ankafikira kwenikweni tinaisiya osalimamo chakudya, tinangobzalamo udzu wa vetiva kuti dothi lisauluke kapena kukokoloka. Ndiwo zamasamba tinazisamutsira mbali ina ya dimba kumene madziwo sankafika. Mabedi a pakati tinathiramo makala a zitsononkho osakaniza ndi manyowa a mbuzi, tinabzalamo matimati ndi nyemba, ndi kuphimbira ndi udzu kuti dothi lisathovukire pa mbewu pothirira. Mlongo wanga tinamuletsa kusewera m'dimbamo, ndipo lamulo la pakhomo tsopano ndi kusamba m'manja ndi sopo tisanadye, kutsuka ndiwo kawiri, ndi kusiya nsapato za kudimba panja.

Matimati anabereka bwino, ndipo amayi anati, "Mwanawe, makala ako aja achotsadi poizoni." Ndinawayankha kuti, "Ai amayi, kukongola kwa mbewu si umboni. Mbewu ikhoza kubiriwira ili ndi mtovu m'kati. Umboni weniweni ndi wa ku labu basi." Tagwirizana kuti ndalama za matimati oyamba tisungeko zina zokapimitsira dothi.

Anzanga, ambiri a ife timachokera kufupi ndi misika, magalaji, malo otayira zinyalala kapena mitsinje yodutsa m'tauni. Pa tchuthi chikubwerachi, aliyense ayende m'dimba la kwawo mvula ikugwa, aone kumene madzi akuchokera ndi zimene akudutsamo asanafike pa ndiwo. Aonenso kumene ana ang'onoang'ono amasewera. Amene akufuna kuona kapangidwe ka makala ndi maso, abwere ku dimba la sukulu Loweruka likudzali nthawi ya ntchito yamanja. Zitsononkho taunjika kale, ndipo ulendo uno belu la chakudya likalira, ine ndikhala pomwepo ndi ndowa yanga ya madzi.